Maginito ndi Benzi ya Bambo Ake

Maginito sanali munthu womupeza pomwe unamusiya. Ukamusiya pansi pa galimoto, pobwerera umupeza ali pa foni kuseri kwa galaja. Ukati umudikire amalize kulankhula, wakwera kale njinga yamoto, akuti wamva zoti kwinakwake kuli Benzi yakale imene nkhuku zaisandutsa chisa. Tiyi ankamwa chiimirire. Ngakhale kwa ometa tsitsi ankakhala kunsonga kwa mpando, bondo likugwedezeka ngati la telala amene wachedwa ndi suti ya ukwati. Anzake ankamuseka kuti anabadwira m'basi yoyenda, ndipo iye sankakana, chifukwa nthawi yokanira analibe.

Ntchito yake inali kugula, kuika mtengo ndi kukonza magalimoto akale a ku Jeremani, aja olemera kwambiri amene chitseko chake ukatseka chimangoti di, kamodzi kokha, osalira ngati zitini. Dzina lakelo linachokera ku kamaginito kamene ankayenda nako m'thumba la malaya atakakulunga m'kansalu kofewa. Akamuitana kukaona galimoto, mwini wake ankayamba kutama penti, iye osamvera n'komwe. Ankangotulutsa kamaginito kaja n'kumakayendetsa m'munsi mwa zitseko, m'mbali mwa magalasi, kuzungulira pokhala matayala. Pomwe pali chitsulo chenicheni kankamata. Pomwe wina anamatapo phala kuti abise dzimbiri kankangogwa, iye n'kukawakha kasanafike pansi. Kakagwa kangapo ankapukusa mutu. "Chikomekome cha nkuyu, akulu, m'kati muli nyerere." Akatero ankanyamula kapeti n'kununkhiza, kenako n'kuyang'ana mphira ya popondera mabuleki. Mita ikamanena kuti galimoto sinayende kwambiri pomwe mphirayo yatha mpaka chitsulo kuonekera, ankadziwa kuti wabodza ndani, ndipo ankanena pamaso pa mwini wake.

Akazi ake, amene aliyense ankawatchula kuti amake mapasa ngakhale mapasawo anali atakula kalekale n'kuchoka pakhomo, ankati dzinalo linamuyenera kawiri, chifukwa chitsulo chilichonse chadzimbiri cha m'tauni chinkamutsatira mpaka kunyumba. Sankanama. Galaja inali kumsewu, shedi ya malata yokhala ndi dzenje lokonzera, nyumba inali kumapeto, ndipo pakati pa ziwirizi panali bwalo lodzaza magalimoto odikira tsiku lawo. Ina inalibe injini, ina inali ndi injini koma maso inalibe, ina inamera udzu pa boneti.

"Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa," ankatero amake mapasa akamayanika zovala pa waya womangidwa pakati pa magalimoto awiri. "Nanga inu, bambo a mapasa, muli ndi mapanga angati?"

"Onsewa ndi chuma, mayi."

"Chuma chodontha mafuta pa nsalu zanga."

Komabe pa ntchito yake munthuyu ankalemekezeka, ndipo anali ndi ulaliki umodzi umene makasitomala ake onse ankaudziwa pamtima. Galimoto yakale imene sinapakidweko penti wina, ngakhale itasuluka chotani, musaikhudze. Penti wa ku fakitale amapakidwa kamodzi basi. Mpando ukang'ambika sokani, musauchotse. Chiwongolero chosalala ndi manja a mwini wake ndiye umboni woti galimotoyo ndi yeniyeni. Mukaisandutsa yatsopano mwaipha mtengo, chifukwa ogula enieni safuna chidole. Ankalalikira zimenezi ndi mtima wonse, zala zake zili kalikiliki kukanda kadontho ka dzimbiri pa galimoto ya eniyo. Manja ake sankamva ulaliki wa pakamwa pake. Chinthu chopindika, chogwedera kapena chosuluka chinkamupweteka ngati mchenga m'diso, ndipo zinali choncho kuyambira ali mwana. Ndi uja anamasula wailesi ya kunyumba kuti aone chimene chinkasokosera m'kati, wotchi ya pakhoma nayo sinapulumuke, mpaka bambo ake anamupatsa dzina loti Chiswe.

Galimoto imodzi yokha ndi imene Chiswe sanailoweko. Inali kumapeto kwenikweni kwa bwalo, pafupi ndi khitchini, itakhala pa njerwa. Inali ya bambo ake.

Mdalayo moyo wake wonse anali dalaivala. Ankayendetsa bwana wa kampani ina ya nsalu, atavala jekete ndi kapu, ndipo popuma ntchito kampani inamugulitsa Benzi ya dizilo yomwe ankayendetsayo. Anaichititsa hayala zaka zambiri, ana onse anaphunzira ndi matayala ake, mpaka tsiku lina inatsokomola n'kuzima osadzukanso. Kale inali yoyera ngati mkaka, koma tsopano inali ndi mtundu wa mano a munthu wosuta fodya. Malemu mayi ake a Maginito ankaitchula kuti mkazi mnzanga. Maginito ataikokera kubwalo kwake, mdala anamulozera chala: "Chiswe, zako zonsezo uzidya mmene ukufunira. Iyi ayi." Ndipo anamvera, ngakhale kuti podutsa pafupi nayo ankaika manja m'thumba.

Kenako bambo aja anayamba kuiwala. Zinayamba ndi zinthu zing'onozing'ono, kapu, mankhwala, dzina la mpongozi. Maginito atawatenga kuti azikhala nawo, zinthu zinathamanga. Mdala ankawatchula amake mapasa kuti anesi n'kumawathokoza mwaulemu pa chilichonse. Mwana wawo weniweni akalowa pabalaza, ankaimirira n'kuvula kapu, poganiza kuti ndi mwini nyumba amene wabwera kudzawatulutsa. Sankakhazikika. Ankalongedza malaya m'jumbo n'kukaima pa geti, akuti akupita kwawo, ukawafunsa kwawoko n'kuti ankangoyang'ana msewu. Maginito zinkamuwawa koopsa, ndipo poti sankadziwa kulira, ankathawira ku ntchito. Miyezi imeneyo anagula magalimoto amene ngakhale iye mwini sankadziwa kuti adzawatani.

Tsiku lina m'mawa mdala anasowa. Anafunafuna kumsewu, kugolosale, mpaka kokwerera basi. Amene anawapeza ndi amake mapasa, pokataya madzi otsukira mbale. Anali m'Benzi muja, atakhala pa mpando wa dalaivala, manja onse pa chiwongolero, msana uli chilili. Maginito anafika akupuma mwabefu, natsegula chitseko cha mbali inayo kuti awanyengerere atuluke. Bambo ake anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chiswe, wasamba koma iwe? Lowa. Chitsekocho uchinyamule kaye pang'ono, chimavuta."

Maginito analowa. Anachinyamula chitseko n'kutseka. Panali patatha nthawi yaitali asanamve dzina limenelo.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse mdala akamwa tiyi ankapita kugalimoto yake, ndipo mwana wawo ankawatsatira. M'katimo chilichonse chinkawadziwa. Mpando unali utalowa m'kati motsatira thupi lawo, kumanzere kwambiri chifukwa ankakhala chopendekera. Chiwongolero chinali chosweka pamwamba, chokulungidwa tepi yakuda pomwe pankakhala chala chawo chachikulu. Mutu wa ndodo ya giya unali utasalala manambala onse atafufutika. Ndiye panali fungo, la dizilo wakale, la fodya, ndi la ubweya wa hatchi umene opanga magalimoto amenewa ankaika m'mipando, fungo loti ukalowamo limakukhala m'malaya tsiku lonse. Akakhala mmenemo mdala ankabwerera. Ankafunsa za mapasa powatchula mayina. Ankakumbuka kuti mlongo wake wa Maginito anakwatiwa ndi munthu wosadziwa kusintha tayala. Ankaseka. Akangotuluka n'kuponda pansi, pofika pakhomo la khitchini anali atavulanso kapu.

Nkhani yake inali yomweyi basi. Kunja kwa galimoto ija Maginito analibe bambo, m'kati mwake anali nawo.

Munthu wina akanangothokoza n'kukhala phee. Koma kukhala phee ndi kumene Maginito sankakudziwa. Bambo ake akamasimba za misewu yakale, maso ake ankayendayenda. Ankaona mng'alu pa dashibodi. Ankaona dzimbiri likutukusira pakona ya galasi lakutsogolo ngati chithupsa. Akayang'ana pansi, pakati pa nsapato zake pankaoneka kuwala kwa dzuwa. Bondo linkayamba kugwedezeka, galimoto yonse n'kumanjenjemera pa njerwa zake, mpaka mdala ankaika dzanja pa bondopo osasiya kulankhula. "Khazikika, Chiswe. Tifika." Maginito ankachita manyazi, inde. Iye, munthu amene anthu ankabwera kuchokera kutali kudzamufunsa za magalimoto amenewa, bambo ake omubereka ankakhala m'chiphakasa chovunda. Makasitomala akasuzumira kubwalo ankawatchingira ndi thupi.

Ndiye tsiku lina dzimbiri linamupatsa chifukwa chimene ankachifuna. Mdala polowa anaponda mwamphamvu, pansi panabooka, mwendo unalowa mpaka m'bondo, ndipo chitsulo chinawacheka pa msongolo. Magazi anali ambiri kuposa bala. Mlongo wake wa Maginito anabwera tsiku lomwelo, atakwiya kwambiri.

"Achimwene, mukufuna muwaphere m'zitsulo zanuzi? Anthu amasunga makolo m'nyumba, inu mukuwasunga m'dzala!"

"Amafuna okha, achemwali. Mukanaona mmene amakhalira akalowamo..."

"Ndikuona mwendo. Ndikuwatenga. Akachira ndiwabweza, koma ndisadzamvenso za bowo."

Galimoto ya mlongoyo itatuluka pa geti, amake mapasa anaima pafupi ndi mwamuna wawo, amene anali atagwada kale kusuzumira m'bowo muja. Ankamudziwa bwino munthu wawo, ndiye analankhula pang'onopang'ono ngati akuuza mwana. "Bambo a mapasa, wotchererani chitsulo pansipo. Pansi pokha. Mwamva?"

"Pansi pokha," anatero Maginito, ndipo ankanena zoona.

Koma pansi pa galimoto sawotcherera mpando uli pomwepo, ungapse. Anachotsa mipando ndi kapeti. Atautembenuza mpando wa dalaivala, masipuling'i atatu anali othyoka ndipo ubweya uja unkangoyoyoka ngati fumbi. Ndani angabwezeretse chinthu chotere pamwamba pa chitsulo chatsopano? Atadula chovunda cha pansi anapeza kuti dzimbiri lalowa m'mbali, pansi pa zitseko. Kuti afike pamenepo anachotsa zitseko. Zitseko zitachoka, mahinjesi anaonekera kuti ndi odyeka, ndiye chifukwa chake chitseko chinkafuna kunyamula. Dzimbiri lili ngati bodza, ukagwira limodzi limakulozera linzake. Pomatha sabata, Benzi ya bambo ake inali mu shedi itatsala chigoba, mabawuti ake ali m'zitini zolembedwa, ndipo Maginito ankaimba mluzu.

Tinene mosabisa, anali wosangalala kuposa nthawi ina iliyonse m'moyo wake. Foni inkalira pa benchi osaiyankha. Wina anabwera kudzamuuza za galimoto yosowa kwambiri imene inali m'galaja ya mayi wina wamasiye, iye anangoti mawa, osatulutsa mutu mu injini. Anthu anayamba kufunsana ngati akudwala. M'mutu mwake munali chithunzi chimodzi chokha: bambo ake atavala kapu, galimoto ikuyenda pamsewu weniweni, magalasi otsitsa, iye akuyendetsa pang'onopang'ono, mdala akumuuza kuti wasintha giya mochedwa.

Mipando anaitengera kwa mayi wina wosoka mipando ya magalimoto kuseri kwa msika. Mayiyo anaivundukula, anatsokomola ndi fumbi, nafunsa, "Zakalezi muzifunanso?" Maginito anali kale pa njinga. "Tayani, mayi. Ikani siponji yabwino, yolimba, munthu wake ndi wamkulu." Chiwongolero chosweka chija anachiponya pa mulu wa zitsulo zogulitsa kwa ogula zakutha, n'kuikapo china chimene anachisunga zaka zambiri m'bokosi, choyera ngati mnyanga, chopanda ngakhale kachilema. Injini anaimasula yonse n'kuimanganso. Kenako linafika tsiku la sandipepa.

Amake mapasa anabwera ndi tiyi mu shedi n'kupeza mwamuna wawo atayera ndi fumbi la penti ngati wagwera mu ufa. Anaika kapu pa benchi.

"Pansi pake pakula bwanji, mpaka pafika padenga."

"Mwaona nokha mmene inalili."

"Si inu kodi mumauza anthu kuti galimoto yakale asaikhudze? Ndakumvani mpaka ndikhoza kulalikira ndine."

"Zija ndi za malonda, mayi. Ndimanena za mtengo. Iyi sindikugulitsa, ndikukonzera bambo anga. Ndiwapatse chovunda chifukwa choti ogula amakonda zovunda?"

Yankho lake linali lomveka. Amake mapasa anangoti, "Chakomachakoma pusi anagwa chagada," natenga kapu yawo yopanda kanthu, chifukwa tiyi anali atamwedwa kale chiimirire.

Bala la mdala linapola msanga, koma mlongo uja ankaimba foni pafupipafupi, mawu ake akusintha tsiku ndi tsiku. Ukali unatha, kunatsala kutopa. Bambo sakudya bwino. Bambo akungoima pa geti ndi jumbo. Bambo akufunsa makiyi kwa aliyense wodutsa. "Achimwene, bwerani mudzawatenge. Kuno akutha."

"Yatsala pang'ono, achemwali. Penti aume kaye. Ndikufuna adzaione itatha."

"Ndani wakuuzani kuti akufuna penti?"

Koma penti atauma panatsala mabampala, amene anawatumiza kokawalitsa, ndipo mabampala atabwera panatsala mphira za m'magalasi. Munthu amene sankatha kudikira ketulo kuti iwire anadikiritsa bambo ake nyengo yonse ya mvula.

Mlongo wake anawabweretsa Loweruka lina dzuwa litakwera. Maginito anali ataiimika Benzi pakati pa bwalo, atasuntha magalimoto ena kuti ipeze malo. Inali yoyera ngati tsiku limene inatsika m'sitima. Mabampala ankathobwa m'maso. Ngakhale mlongo uja, amene anabwera atakonzeka kukalipa, anagwira pakamwa. Mdala anatsika m'galimoto ya mwana wawo wamkazi movutikira. Anali ataonda, jekete likulendewera m'mapewa, jumbo ili m'manja. Maginito anawathamangira, makiyi ali m'dzanja, ngati mwana wobwera ndi zotsatira za mayeso.

"Bambo, taonani. Galimoto yanu."

Mdala anavula kapu. Anaiyang'ana galimoto ija nthawi yaitali, kenako anayamba kuizungulira patali, manja kumbuyo, mmene amachitira dalaivala woleredwa bwino pa galimoto ya eni. Anawerama kuona matayala. Anagwedeza mutu moyamikira.

"Yabwino kwambiri, bwana. Mwagula chinthu."

"Ndi yanu, bambo. Yomwe ija. Lowani muone."

Anatsegula chitseko cha dalaivala, ndipo chinatseguka mosavuta. M'kati munatuluka fungo la guluu ndi nsalu yatsopano. Mdala anasuzumira, nabwerera m'mbuyo msanga, akupukuta manja pa thalauza. "Ayi, bwana, ndingadetse." Anawanyengerera onse atatu mpaka analola kukhala. Siponji ija inawakweza m'mwamba, mutu unatsala pang'ono kugunda denga. Anakhala kunsonga, miyendo kunja, manja pa maondo. Chiwongolero sanachikhudze. Maginito anathamangira mbali ina, analowa, anatseka chitseko chimene tsopano sichinkafunanso kunyamula, nadikira. Analiza injini, ndipo inalira bwino, mosalala, mopanda kutsokomola kulikonse. Anawayang'ana bambo ake. Bambo ake anamumwetulira mwaulemu, kumwetulira kopatsa mlendo, napempha ngati angatuluke tsopano.

Atatuluka analunjika okha kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi khitchini. Panali njerwa zinayi, udzu wachikasu, ndi banga lakuda la mafuta. Anaima pamenepo ndi jumbo yawo mpaka amake mapasa anakawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'nyumba.

Masana onse a tsikulo Maginito anali pa njinga. Anafika kwa mayi wosoka mipando, amene anamuuza kuti ubweya uja anautentha ndi zinyalala kalekale, unkawayetsemulitsa. Nsalu yakale ya mpando mwina anadulira zigamba, sankakumbuka. Anapita kwa ogula zitsulo zakutha, anakwera pa mulu ndi nsapato zake zabwino n'kumafukula ndi manja mpaka anadzicheka, mwini malo akumuuza kuti katundu wa nthawi imeneyo anapita kosungunula. Anabwerera kubwalo kwake n'kumatsegula magalimoto ake akale imodzi imodzi, kununkhiza mipando ngati galu. Anapeza mpando wa mtundu womwewo, wa ubweya womwewo, koma unali utalowa m'kati motsatira thupi la munthu wina. Anauikabe. Anatenga tepi yakuda n'kukulunga pa chiwongolero chatsopano chija pomwe ankaganiza kuti mpomwe pankakhala chala. Anadontheza dizilo wakale pa kapeti imene anaiitanitsa kuchokera kutali. Anamasula ngakhale hinjesi kuti chitseko chigwere pansi pang'ono. Dzuwa lisanalowe anaikankhira galimoto kumalo ake akale, anaikweza ndi jeke, naikhazika pa njerwa. Amake mapasa ankaona zonsezi pa windo la khitchini ndipo sananene mwambi uliwonse. Anamumvera chisoni kwambiri.

M'mawa mwake mdala atamwa tiyi anavala kapu natuluka, mwana wawo ali pambuyo. Anafika pa Benzi ija, anaima, anaiyang'ana. Kenako anailambalala mosamala kuti jumbo isakhudze penti, n'kusuzumira kuseri kwake, ngati kuti yawo yabisala kumeneko. Kunalibe kanthu koma mpanda. Anatembenuka, nkhope ili ndi nkhawa, naona munthu ataima pafupi. Anavula kapu.

"Pepani bwana, ndinu a pano?"

"Ndine wa pano, bambo."

"Mwina mungandithandize. Panali galimoto yanga apa. Yakale, si yokongola ngati iyi ayi. Chitseko chake chimavuta."

Maginito anayang'ana Benzi yoyera ija, kenako anayang'ana bambo ake.

"Sikuti ndikudandaula galimotoyo," anapitiriza mdala, akutsitsa mawu ngati akuulula chinthu chamanyazi. "Ndi yotha kale. Koma muli mwana wanga mmenemo. Ndimamupeza mmenemo m'mawa uliwonse. Ndiye ngati aikoka, sindikudziwa kuti apita naye kuti. Ndi mwana wosakhazikika, akhoza kutsika panjira."

"Tikamupeza, bambo," anatero Maginito.

"Mungandiperekeze? Maso angawa."

Anawapatsa mkono. Anayamba ndi mzere wa kufupi ndi mpanda, pang'onopang'ono, mmene miyendo ya mdala inkalolera. Pa galimoto iliyonse bambo ake ankapukuta galasi ndi mkono wa jekete, n'kuphimba maso ndi dzanja, n'kusuzumira pa mpando wakutsogolo. Akaona kuti mulibe munthu ankapukusa mutu, ndipo ankapita pa yotsatira.